Kuika tow bar pa Corolla Axio: ntchito imene tinagwira ku Salima

Lipoti ili ndalembera amakaniko ndi owotcherera anzanga a m'mbali mwa nyanja muno, kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa, chifukwa ntchito yamtunduwu yayamba kubwera pafupipafupi. Munthu ali ndi Axio, Belta kapena Premio, ndalama ya pikapu sangaikwanitse, koma ali ndi munda kapena kabizinesi, ndipo watopa ndi kulipira hayala. Ndiye amafika pagalaja n'kunena kuti mundiikire chokokera ngolo, chimene timati tow bar. Eni galimoto ya m'nkhaniyi sindiwatchula dzina. Ndiziwatchula kuti aphunzitsi, monga timawaitanira tonse kuno.

Galimoto ndi pempho

Galimotoyo ndi Toyota Corolla Axio ya 2010, yochokera ku Japan, injini ya 1.5 ya 1NZ-FE, giyabokosi ya CVT (yodzisintha yokha, yoyendera lamba), yokoka ndi matayala akutsogolo. Mabuleki akumbuyo ndi a dilamu. Yopanda munthu ndi katundu imalemera pakati pa makilogalamu 1,100 ndi 1,200. Aphunzitsi anapuma ntchito, amakhala m'tauni, koma amalima mpunga ku Lifuwu, ndipo mayi akunyumba kwawo ndi amene amagulitsa ukapunthidwa. Anali atagula kale kangolo kwa munthu wina wa ku Nkhotakota: ka matayala awiri, kopangidwa pamanja, kopanda mabuleki, kopanda nyali, kopanda nambala.

"Amisiri, si zambiri ayi," anatero. "Matumba khumi basi, kuchoka kumunda kukafika kuchigayo. Nthawi ina feteleza, nthawi ina simenti. Ku Lilongwe mwina kamodzikamodzi."

Zimene tinapeza pansi

Galimotoyo sinabwere yosakhudzidwa. Mphwawo wa aphunzitsi, pofuna kuthandiza amalume ake, anali ataipititsa kwa wowotcherera wina wa mazenera ndi mageti. Iyeyo anatenga chitsulo cha angle iron, mbali imodzi n'kuwotcherera pa kambedza kamene kali pansi kumbuyo, mbali ina pa dzenje la tayala la sipeya, n'kuboola kabowo kolowetsa pini. Anakokerapo ngoloyo maulendo owerengeka, kenako kumbuyo kunayamba kulira go! go! pa hampu iliyonse.

Titachotsa kapeti ya m'buti ndi tayala la sipeya, zonse zinaonekera. Penti inali itapsa mozungulira, yakuda pakati, yofiirira m'mbali. Kuchokera pamene anawotchererapo panali mng'alu wautali ngati chala, ndipo mnyamata wanga atawalitsa tochi kuchokera pansi, kuwala kunatulukira m'buti. M'dzenjemo munali timadzi, mchenga ndi mankhusu a mpunga, ndipo dzimbiri linali litayamba kudya m'mphepete mwa mng'aluwo. Kambedzako kanali katapindikira kumbuyo. Kambedza kameneka n'komangira galimoto ikakhala m'sitima kapena pa lole, si kokokera katundu tsiku ndi tsiku.

Wowotcherera uja sindimunyoza, moto wake unali woyera bwino. Chimene sanadziwe n'chakuti galimoto ngati imeneyi ilibe chesesi chapachokha monga Hilux kapena Canter. Thupi lake lonse ndi malata opyapyala opindidwa ndi kulumikizidwa, ndipo lili ngati lichero: mphamvu ili pa mkombero, pakati m'pofewa. Mkombero wake ndi mitanda iwiri ya mphako imene imachokera kutsogolo, kudutsa m'mbali mwa dzenje la sipeya, n'kukathera kuseri kwa bampala. Tow bar iliyonse imene sinagwire mitanda iwiriyi yagwira pachabe. Ndipo imagwira ndi mabawuti, osati ndi moto. Moto umafooketsa lata lozungulira, umawotcha mankhwala oteteza dzimbiri amene ali m'kati mwa mtanda momwe bulashi singafike, ndipo paipi ya petulo sikhala patali. Kuno kwathu kwa chinyezi cha nyanja, chitsulo chowotchedwa chosapakidwa sichimaliza nyengo ziwiri za mvula chisanayambe kufumbutuka.

Tinadula angle iron ija ndi galayinda, tinaboola timabowo kumapeto onse awiri a mng'alu kuti usapitirire, tinaikapo chigamba, n'kupaka. Mitanda yeniyeniyo tinaigogoda ndi hamala yaing'ono kuchokera kumapeto mpaka pa ekiselo. Inalira bwino, inali yowongoka, ndipo panalibe chizindikiro choti galimotoyi inagundidwapo kumbuyo. Ikanakhala yowola kapena yowongoledwa pambuyo pa ngozi, ntchito ikanathera pomwepo ndipo aphunzitsi tikanawabweza.

Malire a katundu

Apa ndi pamene panatenga nthawi, kuposa kudula ndi kuwotcherera. M'buku la galimotoyi, limene linali likadali m'kabokosi ka kutsogolo, sitinapezemo nambala ya kulemera kwa ngolo. Magalimoto ambiri opangidwira msika wa ku Japan ali choncho, poti kumeneko kukoka ngolo ndi galimoto yaing'ono si chizolowezi. Ndiye nambalayo umayenera kuifika ndi nzeru, ndipo uziyambira pansi.

Ndinayang'ana zinthu zingapo. Lamulo limene maiko a ku Ulaya amatsatira limati ngolo yopanda mabuleki isapose makilogalamu 750, komanso isapose theka la kulemera kwa galimoto yoikoka. Theka la Axio ndi makilogalamu osafika 600. Ma Corolla a zaka zomwezi amene anagulitsidwa ku Australia amaloledwa makilogalamu 450 pa ngolo yopanda mabuleki, chonsecho amenewo ali ndi injini ya 1.8 ndi thupi lalikulupo. Yathuyi ndi 1.5 ya CVT, yayenda zaka zambiri, ikagwira ntchito pamalo otentha ndi amchenga, ndipo tow bar yake ndi yopanga ife, yosayesedwa pa makina a fakitale. Ndinaima pa makilogalamu 400, ngolo ndi katundu wake pamodzi.

Ngoloyo tinaiyeza pa sikelo ya ogula mbewu oyandikana nafe, tayala lililonse palokha kenako mkono wake, n'kuphatikiza. Inakwana makilogalamu pafupifupi 170, chifukwa amene anaipanga sanaumire chitsulo. Mukachotsa 170 pa 400 mutsala ndi 230. Amenewo ndi matumba anayi a makilogalamu 50, ndi kamalo ka khasu, chingwe ndi lona.

Aphunzitsi anavula magalasi.

"Anayi? Amisiri, anayi ndimanyamula m'buti ndi pampando, popanda ngolo."

"N'chifukwa chake mashoko anu akumbuyo akukha mafuta, aphunzitsi."

"Koma injini ili ndi mphamvu. Mphwanga anakoka asanu ndi atatu, inayenda."

Zoti inayenda sindinakane. Galimoto iliyonse imatha kukoka katundu woposa amene ingathe kuimitsa. Matumba khumi ndi makilogalamu 500, kuphatikiza ngolo 670, kuposa theka la galimoto yonse, ndipo zonsezo zilibe buleki yakeyake. Mukaponda buleki, makilogalamu amenewo amakankha galimoto kumbuyo. Pamsewu wowongoka mtunda woimira umangotalika. Pokhota, ngolo imakankhira matayala akumbuyo kumbali, galimoto n'kupindika pakati. Ndinawafunsa kuti aganizire pa Kamuzu Road madzulo, kabaza atatulukira mwadzidzidzi ali ndi mayi ndi mwana kumbuyo, kapena mbuzi pa msewu wa ku Senga Bay. Anakhala chete. Mayi, amene nthawi yonseyi anali pabenchi pamthunzi, ndi amene anadula nkhani.

"Abambo, pang'onopang'ono ndi mtolo. Munda suthawa. Amisiri, pangani za anayizo."

Pali chinanso chimene eni magalimoto sachiganizira: kulemera kumene mkono wa ngolo umatsamira pa mutu wa tow bar, kachitsulo kobulungira ngati mpira kamene ngolo imakolekedwapo. Mutuwo uli pafupifupi mita imodzi kumbuyo kwa ekiselo, ndipo kuchoka pa matayala akutsogolo kufika akumbuyo a Axio ndi mamilimita 2,600. Choncho makilogalamu 40 pamutu amasanduka pafupifupi 55 pa matayala akumbuyo, ndipo kutsogolo kumapepuka ndi 15. Mukatsamiritsa 100, kumbuyo kumalandira pafupifupi 140, kutsogolo n'kutaya pafupifupi 40. Matayala akutsogolowo ndi amene amakoka, amawongolera, ndiponso amagwira gawo lalikulu la buleki. Ndinalamula kuti pamutu pazikhala makilogalamu pakati pa 30 ndi 40, ndipo ngolo ikadzaza, kumbuyo kusakhale anthu akuluakulu atatu ndi buti yodzaza.

Kupanga ndi kumanga

Poyamba tinaganiza zoitanitsa tow bar yopangidwa kale ku South Africa. Anzanga chenjerani apa. Corolla ya zaka zimenezi ya ku South Africa ndi yotambalala mamilimita 1,760, pamene Axio ndi 1,695. Dzina ndi limodzi koma matupi ndi osiyana, ndipo palibe chitsimikizo choti mabowo adzagwirizana. Musatumize ndalama musanayeze mpata wa pakati pa mitanda. Ife tinasankha kupanga tokha, kupatula mutu.

Mutu ndi wogula, wa mamilimita 50, wodindidwa nambala, womanga ndi mabawuti awiri a M16 otalikirana mamilimita 90. Mutu wosula pamanja kapena wowotcherera pa bawuti sindiulola pagalaja panga. Kapu ya kumapeto kwa mkono wa ngolo imayenera kuuvala ndendende, ndipo ukaperewera ndi milimita imodzi yokha imatha kuvuka pa hampu.

Tinachotsa bampala ndi chitsulo cha kuseri kwake, tinatsitsa ekizozi pa malabala ake, mapeto a mitanda n'kuonekera. Mapatani tinadula pa makatoni, kuyesa, kudulanso, mpaka atakhala bwino, kenako n'kuwasamutsira pa puleti ya mamilimita 8. Chitsulo chopingasa ndi paipi ya makona anayi, 50 kwa 50, yochindikala mamilimita 5. Mikono iwiri ikulowa m'mbali mwa mitanda n'kupita kutsogolo ndithu, chifukwa mkono waufupi umaunjika mphamvu yonse pamalo amodzi. Pamene panali mabowo a fakitale okhala ndi manati m'kati, tinagwiritsa ntchito omwewo titatsuka mazinga ake. Pamene panalibe, tinaboola kuchokera m'buti kutsika.

Pa mabowo oboola tokhawa m'pamene ntchito zambiri zimafera. Mtanda uli ndi mphako. Mukalowetsa bawuti kuchokera pamwamba mpaka pansi n'kumanga, mtandawo umafinyika. Lero sipanala ikuuzani kuti mwamanga, mwezi wamawa zonse zikugwedera chifukwa lata labonyokera m'kati. Mankhwala ake ndi kapaipi kochindikala kodulidwa molingana ndi kuya kwa mtanda, kolowetsa m'mphakomo kuti bawuti lidutse m'kati mwake. Bowo lapamwamba limakhala lalikulupo kuti kapaipiko kalowe, ndipo pamwamba pake pamakhala puleti yotambalala yogawa mphamvu pa lata la buti. Mukamanga, chitsulo chimafinya chitsulo, mtanda osapunduka. Bowo lililonse tinalipala m'mphepete, kulipaka penti ya dzimbiri, n'kumata kuti madzi asalowe m'buti.

Kuwotcherera konse tinachitira pabenchi. Pagalimoto tinangomanga zidutswa ndi mabawuti, kulemba zizindikiro, kugwiriza ndi makilampu, n'kutsitsa. Tsiku limenelo magetsi anathima masana, ndipo mnyamata wanga anafuna kuti tipitirize ndi kajenereta kathu. Ndinakana. Kajenereta kameneko kamakwanira pa geti ndi pa mpando, koma pa puleti ya mamilimita 8 moto wake sulowa. Umangokhala pamwamba, wooneka bwino, wosagwira. Tinadikira mpaka magetsi atayaka. Polumikiza paliponse tinasongola m'mphepete, tinawotcherera mbali zonse ziwiri, ndipo pamakona tinaika timapuleti ta makona atatu. Mphete ziwiri za tcheni tinaziwotcherera pa chitsulo chopingasa chenichenicho, osati pa puleti ya mutu, kuti mutu utathyoka tcheni chitsale chikugwira.

Mabawuti onse ndi odindidwa 8.8 pamutu, ndi manati a nayiloni. Aja opanda nambala ogulitsidwa pamulu pamsika ndi omangira bedi. Tinamanga ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu ya kamangidwe mu Nm: a M10 pafupifupi 45 Nm, a M12 pafupifupi 80, awiri a mutu pafupifupi 200.

Msinkhu wa mutu unativutitsa pang'ono. Muyezo wodziwika ndi wakuti pakati pa mutu pakhale mamilimita 350 mpaka 420 kuchoka pansi, galimoto itanyamula. Axio ndi yotsika kale, ndipo mahampu athu mukuwadziwa. Tinakweza mutu kufika cha ku 400, zimene zinafuna kuti tidule kachigawo pansi pa bampala. Aphunzitsi anadandaula poona mpeni pa bampala yawo, koma kodulidwako sikaoneka munthu ataimirira. Tinasiyanso mpata wokwanira dzanja pakati pa mutu ndi bampala kuti kapu izitha kulowa ndi kuzungulira, ndi mpata wa chala pakati pa chitsulo ndi ekizozi kuti zisamagundane. Mashoko akumbuyo tinasintha onse awiri.

Nyali

Tinaika soketi ya mapini 7, imene ngolo zambiri za m'chigawo chino zimagwiritsa ntchito. Kwa amene mumaiwala dongosolo lake: pini 1 waya wachikasu, indiketa ya kumanzere, 2 wa buluu, nyali ya nkhungu, 3 woyera, ethi, 4 wobiriwira, indiketa ya kumanja, 5 wa bulawuni, paking'i ya kumanja, 6 wofiira, buleki, 7 wakuda, paking'i ya kumanzere ndi nyali ya nambala. Tsatirani dongosolo limeneli ngakhale ngolo ndi ya mwini yemweyo, chifukwa tsiku lina adzabwereka ya mnzake.

Mawaya tinalumikiza kuseri kwa nyali za m'buti ndi soda, n'kuvalika machubu ofinya ndi moto. Tepi yokha kuno imasungunuka mu Okutobala. Potulukira pansi tinaika labala pabowo kuti lata lisacheke waya. Pangolo tinaika nyali za LED chifukwa zimadya moto wochepa, choncho mawaya opyapyala a galimoto ndi fulasha sizilemedwa. Mukaika mababu wamba a mawati 21, ikani ma relay okhala ndi waya wawo wochokera ku batire ndi fyuzi yake. Ethi tinaiyendetsa ndi waya mpaka pa nyali iliyonse. Kudalira kuti moto ubwerera kudzera pa mutu wopakidwa girizi ndi kumene kumachititsa kuti mukayatsa indiketa nyali zonse ziziphethira pamodzi.

Tinamata zonyezimira kumbuyo ndi m'mbali monse, kuphatikizapo pa mkono. Izi sindinazichite chifukwa cha apolisi okha. Kangolo kameneka n'kotsika, ndipo usiku wa njinga akaona galimoto yadutsa amakhotera kumbuyo kwake nthawi yomweyo, osadziwa kuti pali china chikubwera.

Ngolo

Mkono wake unali ndi mphete yolowetsa pini, monga ngolo ya ng'ombe. Tinadula n'kumanga kapu ya mamilimita 50 yokhala ndi loko. Samalani ndi makapu a muyezo wa ku America, a mainchi 2 kapena 1 7/8: woyambayo amagwedera pa mutu wa 50, winayo salowa. Matayala anali ndi mapanga ambiri koma m'mbali anali ong'aluka. Manambala anayi omaliza a DOT, chidindo cha m'mbali mwa tayala, amene amanena sabata ndi chaka chopangidwa, anaonetsa kuti anapitirira zaka khumi. Tinasintha. M'mahabu munali girizi wosakanikirana ndi mchenga, mabering'i atayamba kukhala ndi timaenje, ndipo nawonso tinasintha. Tcheni tinaika ziwiri zopingasana pansi pa mkono, kuti kapu itavuka mkono ugwere pa tcheni m'malo mojinya pansi.

Ekiselo inali pamalo abwino, kumbuyo pang'ono kwa pakati pa bokosi. Kuti aphunzitsi aone okha nkhani ya kapakiridwe, tinapachika sikelo ya mbedza pa mtanda wa denga la galaja n'kukoleka mkono wa ngolo pa msinkhu wa mutu. Matumba anayi a mchenga, lililonse loyezedwa makilogalamu 50, titawaunjika kutsogolo, muvi unathamangira kupitirira 80. Titawakokera kumbuyo, mkono unanyamuka wokha, chingwe cha sikelo n'kulendewera. Titawaika pamwamba pa ekiselo, awiri atasunthira kutsogolo pang'ono, muvi unakhazikika pa 35. Tinajambula malo amenewo ndi penti yoyera pansi pa bokosi ndipo tinawotcherera timbedza tomangira chingwe kuti matumba asamayende.

Pa ziwiri zolakwikazo, choopsa kwambiri ndi kulemetsa kumbuyo. Ngolo yopepuka pamkono imayenda bwinobwino pa liwiro la makilomita 30 kapena 40 pa ola, koma liwiro likakwera imayamba kugwedeza mchira uku ndi uku, ndipo kugwedezako kumakula kokha. Zikayamba, chotsani phazi pa moto, gwirani chiwongolero mowongoka, musaponde buleki mwamphamvu ndipo musayese kulimbana nayo ndi chiwongolero.

Kuyesa pamsewu

Tinayesa pa msewu wa ku Senga Bay m'mawa, anthu asanachuluke, ndi matumba a mchenga aja. Kumbuyo kunatsika pang'ono, mutu unatsala m'kati mwa muyezo. Pa 60 ngolo inatsatira mowongoka. Poimitsa mwadzidzidzi kuchokera pa 50, galimoto inaima mowongoka koma inapitirira ndithu pamene inaimira yopanda ngolo. Malo onse awiri tinaikapo miyala, ndipo aphunzitsi anatsika n'kuyenda okha ndi mapazi kuchoka pa mwala woyamba kufika pa wachiwiri. Sanatchulenso za matumba khumi tsiku limenelo.

Pa msewu wafumbi wopita kuminda, pamene pali mchenga wambiri, matayala akutsogolo anayamba kupalasa. Apa malangizo anga anali achidule: mukatitimira, musalimbane. Masulani ngolo, tulutsani galimoto, ngoloyo muikankhe ndi anthu. CVT ilibe magiya a mano, imayendera lamba wachitsulo wofinyidwa pakati pa mapule awiri. Tayala likamazungulira mumchenga kenako n'kugwira pouma mwadzidzidzi, lambayo amaterereka n'kukanda mapule, ndipo mtengo wokonzera ungagule mahayala a zaka zingapo. Mdani wina ndi kutentha. Tinasintha mafuta a giyabokosi ndi a mtundu wake weniweni, Toyota CVT Fluid TC, osati ATF wamba, mafuta a giyabokosi ya otomatiki, imene ena amathira. Tinatsuka radiyeta, imene inali yodzaza ndi udzu ndi tizilombo, tinaona kuti fani ikuyaka, ndipo tinasintha mafuta a buleki ndi kukonza madilamu.

Za ku Lilongwe ndinakaniratu ngolo ikakhala yodzaza. Nyanja ili pa mamita osafika 500 kuchokera pa nyanja yamchere, Lilongwe ili pamwamba pa 1,000, ndipo msewu wa M14 umakwera mapiri a ku Dowa mokhotakhota. Kukwerako kumaphika giyabokosi, kutsikako kumaphika mabuleki. M'chigwa muno, ku Lifuwu, ku Senga Bay, ku Kaphatenga, ngakhale pa M5 mpaka ku Nkhotakota, ndi pathyathyathya ndipo galimotoyo ikwanitsa. Pamtsetse uliwonse ndinawauza kuti aziika giya pa B kuti injini izithandiza kugwira, ndipo pa tala asapose 60.

Kubwerera m'mbuyo tinakaphunzirira pa bwalo la mpira. Ngolo yaifupi imapindika msanga, ndipo kuchokera pampando wa Axio yopanda katundu sioneka n'komwe. Tinamanga timitengo tiwiri ta mbendera m'makona akumbuyo. Munthu amene anaphunzitsa ana zaka zambiri anatuluka thukuta pamaso pa ana a m'mudzimo amene anasonkhana kudzaonerera, koma pofika madzulo anali akulowetsa ngolo pakati pa zigoli.

Za mapepala ndinawatumiza ku Road Traffic kuti ngoloyo ilembetsedwe ndi kukhala ndi nambala yake isanayambe kuyenda pamsewu wa boma, komanso kuti akadziwitse a inshuwalansi kuti galimoto yasinthidwa. Laisensi yawo ya B imalola ngolo yosaposa makilogalamu 750, ndiye kumeneko kunalibe vuto.

Atabweranso

Ulendo woyamba utatha anabweretsa galimoto monga tinapanganirana. Mabawuti awiri a m'buti analandira kamanga pang'ono, zimene zimachitika penti ndi zomatira zikakhazikika. Ena onse anali chimodzimodzi.

Anabweranso kukolola kutatha. Tow bar inali bwino: palibe mng'alu pa zowotcherera, penti yozungulira mapuleti a m'buti yosasweka, kutanthauza kuti palibe chimene chinkasuntha. Koma titalowa pansi tinaona kuti malabala oletsa ekiselo kugunda thupi anali opukutika mbee, ndipo pansi pa puleti ya mutu panali zokalika zatsopano za konkire ya hampu. Tayala limodzi la ngolo linali litayamba kudyeka m'kati.

"Aphunzitsi, munanyamula angati?"

"Anayi, amisiri. Mwina tsiku limodzi asanu ndi limodzi, kunkada ndipo sindikanawasiya kumunda."

Za tsiku limodzilo ndinazimva. Koma ngakhale anayiwo sanali anayi a sikelo. Thumba la feteleza kapena la simenti limabwera loyezedwa kale. La kumunda amalisokerera mlomo wina pamwamba n'kulitsendera ndi mtengo mpaka litaima lokha, ndipo mpunga ukakhala wosaumitsitsa umalemera koposa. Mayi anabwera ndi limodzi mwa matumba amenewo, tinalipachika pa sikelo, ndipo linapitirira 50 ndi zambiri. Kuyambira pamenepo malire tinawasintha kuchoka pa kuwerenga matumba kupita pa makilogalamu: tinalemba 230 ndi penti kutsogolo kwa bokosi, ndipo sikelo ya mbedza imene mayi amagulitsira mpunga tsopano imayenda m'galimoto. Ekiselo ya ngolo inali itapindika pang'ono, tinaiwongola n'kuilimbitsa.

Aphunzitsi anabwera ndi pempho lina. Anamva kuti kuli masipuling'i olimba ndi masipesa okweza kumbuyo, ndipo anafuna tiwaikire kuti galimoto isamakhale pansi. Masipesa ang'ono a mahampu ndilibe nawo mlandu, ambiri timaika. Koma olimbitsa kuti anyamule zambiri ndinakana. Kutsika kwa kumbuyo ndi chizindikiro chokhacho chimene woyendetsa amaona ndi maso kuti wapyola. Mukachichotsa, mabuleki ndi omwe aja, lamba wa giyabokosi ndi yemwe uja, lata la mitanda ndi lomwe lija. Ndinawauza kuti ngati munda wakula moti makilogalamu 230 sakukwanira, masiku okolola achite hayala ya lole kamodzi, ngoloyi itsalire feteleza, mbewu ndi maulendo a kuchigayo. Sanavomere ndi mtima wonse, ndipo ndikudziwa kuti pali magalaja ena amene angawaikire masipuling'iwo osafunsa funso.

Tinapangana kuti mvula ikayamba adzabwere tidzachotse kapeti ya m'buti, tione ngati madzi sakulowa pa mabowo athu ndi pa chigamba chija, tidzathirenso girizi m'mahabu a ngolo ndi kuyang'ana mtundu ndi fungo la mafuta a giyabokosi. Akadzapezeka akuda kapena akununkha kupsa, malire a 400 aja tidzawatsitsanso.